Kampeni Konyozeka ka m'Makomboni a Lusaka

M'makomboni a mu mzinda wa Lusaka, monga Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, muli cizolowezi cina cimene alendo ocokera ku midzi sacedwa kuciona. Anthu ambiri a nchito za manja ali ndi mipeni iwiri. Mpeni woyamba ndi wabwino, wonoledwa mosamala, ndipo umakhala pa nyumba, pa malo amene ana safikapo. Waciwiri ndi kampeni konyozeka, kakuda ndi dzimbiri, kokulungidwa malegeni ku cigwiriro. Kameneka ndiko kamayenda ndi mwini wake m'cola ca zipangizo, pansi pa cishalo ca njinga kapena m'wilibala. Mlendo akakaona amaseka, nafunsa ngati umphawi wa m'tauni wafika pakuti munthu wamkulu alephere kugula mpeni weniweni. Eni ake sayankha zambiri. Iwo amadziwa kuti kampeni kameneka ndiko kamasunga mpeni wabwino uja, ndipo kawirikawiri kamasunganso mtendere pakati pa anansi.

Ku mudzi mpeni umakumana ndi zinthu zimene citsulo cimazigonjetsa mosavuta: luzi, bango, mlaza, nzimbe, cinangwa, maungu ndi nyama. Nchito zolimba ziri ndi zida zake, monga nkhwangwa, cikwanje ndi kasemasema. Conco mpeni umodzi wabwino ungathe kutumikira munthu kuyambira pa unyamata wake kufikira imvi, nudzasiyidwanso kwa mwana wake. M'komboni zinthu nzosiyana. Pa tsiku limodzi munthu wa maganyu angafunike kutumbula thumba la simenti, kudula cingwe codzala ndi mcenga, kuceka tayala lakutha, kupala penti pa citseko, kusenda waya wa magetsi ndi kubowola citini. Nyumba nzocepa, zipangizo nzosowa, ndipo cimene ciri pafupi ndi dzanja ndico cimagwira nchito zonsezo.

Cimene cimapha mpeni msanga ndi mcenga. Timiyala ta mu mcenga ntolimba kupambana citsulo ca mpeni, kotero kuti pamene munthu aceka saka la makala limene lakhala likukokedwa pansi, timiyalato timadya kukamwa kwa mpeni monga tupa. Waya amaubenthula. Kutsegula citini ndi nsonga kumaupinda kapena kuuthyola, pakuti mpeni unapangidwa kuti uziceka, osati kuti uzikanula zinthu. Mpeni umene unanoledwa kwa ola lathunthu ungathe kubuntha pa thumba limodzi la simenti. Ndipo nthawi iri yonse pamene unoledwanso, citsulo cake cimacepa, kufikira utatsala wowonda ngati nsungwi yolukira nsengwa.

Mpeni wa Atate

Ku Kanyama kuli bambo wina wokalamba, wocokera ku dera la Katete, amene anaphunzira zimenezi mwa njira yowawa. Anafika mu Lusaka m'caka ca 1974 pa basi ya UBZ, ali mnyamata wofuna nchito. M'kathumba kake munali malaya awiri, bulangete, ndi mpeni wopinda wa mtundu wa Okapi umene atate ake anampatsa pomlawira. Atatewo anaugula pa ndalama za thukuta lao pamene anali kugwira nchito ku maiko a kum'mwera, ndipo kwa zaka zambiri ndiwo unali kusenda mbuzi pa maliro ndi pa maukwati a m'mudzi mwao.

Mipeni ya Okapi njodziwika kwambiri mu Africa muno. Inayamba kupangidwa m'caka ca 1902 mu mzinda wa Solingen ku Germany, ndipo colinga cake cinali kuigulitsa ku maiko a mu Africa amene Ajeremani anali kulamulira. M'caka ca 1988 nchito yopanga mipeniyi inasamukira ku South Africa. Cigwiriro cake ncamtengo, ndipo yambiri iri ndi kamphete kumsana kamene munthu amakoka pofuna kuupinda. Kwa anthu olemera unali mpeni wamba, koma kwa mlimi wa ku Katete unali cuma ca banja, cinthu cimene mwana amalandira ndi manja awiri.

Mnyamata uja anapeza kacipinda ka lendi ku Kanyama, nayamba kugwira maganyu onyamula njerwa, ndipo pambuyo pake anayamba kugulitsa makala. Anakwatira, namanga kanyumba kake ka zidina. M'komboni moto, mcere, mpando ndi mpeni nzobwerekana, ndipo munthu womana amakhala yekha tsiku la tsoka. Tsono tsiku lina m'caka ca 1976 mnansi wake, amene anali kugwira nchito ku garaja ya magalimoto, anaima pa khomo nati, "Odi aneba! Tandibwerekaniko mpeni wanu, ndidule kacingwe ka pa denga. Ndibweza tsopano lino."

Akulu anati nkhwangwa yobwereka sikhala kuguluka. Kacingwe kaja kanali waya womangira malata. Mpeni unabwera madzulo uli wobenthuka pawiri, nsonga yake itathyoka. Mnansiyo anapepesa, natulutsa ndalama kuti alipe. Mwini mpeni anakana kuzilandira, nati, "Aneba, ndalama zanu zikagula mpeni wa atate anga m'sitolo iti?"

Funso limenelo linali ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba njakuti cinthu ca malemu sicigulidwa, pakuti atate ake anali atamwalira caka comweco. Mbali yaciwiri njakuti masiku amenewo ngakhale mpeni wamba unali wosowa. Mu Januwale 1973 boma la Ian Smith linatseka malire a pakati pa Rhodesia ndi Zambia, ndipo njira ya njanji ya kum'mwera sinagwiritsidwenso nchito kufikira mu Okutobala 1978. Pofika m'caka ca 1975 mtengo wa mkuwa unali utagwa pa misika ya kunja, ndipo dziko linayamba kusowa ndalama zogulira katundu wa maiko ena. M'masitolo a boma monga ZCBC ndi Mwaiseni anthu anali kufola mizere pofuna sopo, mafuta ophikira ndi suga. Cinthu ca citsulo cikaonongeka, cobwezerapo cake sicinali kupezeka msanga.

Nkhani inafika kwa acheyamani a cigawo, pakuti m'nthawi ya cipani cimodzi ca UNIP milandu yaing'ono ya m'komboni inali kuyambira kwa iwo. Acheyamani anaweruza kuti wobwereka alipe, ndipo wobwereketsa alandire. Ciweruzo cinatha, koma mitima sinapole. Kwa miyezi yoposa 12 amuna awiriwa sanapatsane moni. Akazi ao anali kukumana potunga madzi, ali yense nayang'ana kumbali. Ana analetsedwa kudyera pamodzi. Zonsezi zinacitika cifukwa ca kacidutswa ka citsulo kosafika ngakhale utali wa cikhadabo.

Kumayambiriro kwa caka ca 1978 kunagwa mvula yoopsa mu Lusaka, ndipo Kanyama anamira. Komboni imeneyi iri pa malo a cidikha, pamwamba pa thanthwe, kotero kuti madzi akacuruka amasowa kopita. Nyumba zambiri za zidina zinasungunuka kunsi nizigwa, ndipo mabanja oculuka anatsala pa mtetete. Nyumba ya wogulitsa makala uja inali imodzi mwa zimene zinayamba kupendama. Munthu woyamba kufika kudzathandiza anali mnansi yemwe uja. Anabwera ndi kampeni kamene anadzipangira ku garaja kucokera ku sowo yakutha yodulira zitsulo. Ndi kampeni kameneko anadula zingwe ndi malegeni omangira denga, napulumutsa malata, naceka masaka ochingira katundu, napala matope pa mitengo ya denga. Nchito itatha anakapukuta pa buluku, nakapereka kwa mnzake.

"Aneba," iye anatero, "aka sikalowa m'malo mwa mpeni wa malemu, ndidziwa. Koma kakhale kanu. Munthu wina akadzabwera kudzabwereka monga ndinacitira ine, mudzampatse aka."

Kucokera tsiku limenelo bambo wa ku Katete wakhala ndi mipeni iwiri. Okapi uja anaunola kufikira nsonga yatsopano inaoneka, ndipo ngakhale unafupika, ulipo kufikira lero. Umatuluka pa Khrisimasi, pa cinkhoswe ndi pamene nkhuku iphedwa cifukwa ca mlendo. Timipeni ta nchito zakuda tapita tambiri. Kena kanathyoka, kena kanagwera mu ngalande, kena kanapita ndi wobwereka amene anasamuka usiku. Palibe ngakhale kamodzi kamene iye anakalira, ndipo palibenso mnansi wina amene anasiya kulankhulana naye cifukwa ca mpeni.

Kapangidwe Kake

Kampeni kotere sikafuna maphunziro ambiri kuti kapangidwe, koma kafuna diso. Sowo yodulira zitsulo ya pa manja imakhala yotalika pafupifupi masentimita 30, ndipo ikathyoka pakati pamatuluka timipeni tiwiri. Citsulo cake ncolimba, pakuti cinapangidwa kuti ciziceka zitsulo zinzake, motero cimasunga ukali kwa nthawi yaitali. Koma kulimba komweko kumacititsa kuti cikhale cosapindika, ndipo munthu akacikanulira cinthu cimathyoka ngati galasi. Amisiri amakonda sowo zikuluzikulu za pa makina, cifukwa nzokhuthala. Amadziwanso kuti sowo zina za masiku ano nzolimba ku mano kokha, pamene kumsana nkofewa, conco ukali wa mpeni uyenera kuikidwa ku mbali imene kunali mano.

Ponola pa makina, mmisiri wodziwa amaviika citsulo m'madzi kawirikawiri. Citsulo wamba ca mpeni cikatentha kwambiri cimasintha maonekedwe nkuyamba kubiriwira, ndipo pamenepo kulimba kwake kwatha. Cigwiriro cimapangidwa ndi timatabwa tiwiri kapena kacidutswa ka paipi ya pulasitiki, ndipo pamwamba pake amakulunga malegeni odulidwa ku cubu ca njinga kapena ca galimoto. Malegeni saterera ngakhale dzanja liri ndi thukuta. Cimake cimasokedwa kucokera ku cikopa ca nsapato yakutha kapena ku katoni wokhuthala, kuti mpeni usabowole cola ndi kulasa mwini wake.

Luso limeneli si lacilendo pa nthaka ya Lusaka. Pa malo ochedwa Kapwirimbwe, cakum'mawa kwa mzindawu, katswiri wofukula za makedzana David Phillipson anapeza m'zaka za m'ma 1960 zotsalira za mudzi wa anthu amene anali kusungunula citsulo m'zaka za m'ma 400. Lusaka anakhala likulu la dziko m'caka ca 1935, koma osula zitsulo analipo kale zaka zoposa 1,000 m'mbuyo mwake. Makolo a ku midzi ya kum'mawa nawo anali ndi ng'anjo, mvukuto ndi cipala, nasula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mipeni. Amisiri a m'makomboni, monga a ku Kalingalinga amene anachuka ndi nchito za matabwa ndi zowocherera m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, sakumba miyala ya citsulo m'phiri. Mgodi wao ndi mulu wa zitsulo zotayidwa ku magaraja ndi ku mafakitale. Koma nzeru njomweyo, yoona cida m'cinthu cimene ena aciyesa cinyalala.

Amene amasoka nkhwaira za matayala amadziwa bwino phindu la kampeni kameneka. Matayala ambiri a masiku ano ali ndi mawaya a citsulo mkati, ndipo m'mphepete mwa tayala liri lonse, pamene limagwira mkombero, mumakhala waya wokhuthala. Mpeni ukagunda pamenepo umabenthuka. Wosoka amanyowetsa mpeni ndi madzi kuti ulowe mosavuta mu mphira, ndipo amakhala ndi mwala wonolera pambali pake. Pa tsiku amanola kambirimbiri. Mpeni wa mtengo wapatali sungapirire moyo wotere, ndiponso mwini wake sangapirire kuuona ukutha.

Kuchipa ndi Cinyengo

Kuyambira m'caka ca 1991, pamene boma latsopano linatsegula malonda, katundu wa kunja anasefukira m'dziko. M'masitolo a ku Kamwala, pa msika wa Soweto ndi m'misika ya m'makomboni munadzala mipeni yonyezimira yocokera ku China ndi maiko ena, pa mtengo umene ngakhale mwana wa sukulu akanatha kuufikira. Ambiri analeka kupanga timipeni ta sowo nayamba kugula yopangidwa kale. Palibe colakwa pamenepo, pakuti cofunika ncakuti mpeni wa nchito zakuda ukhale wosapweteka mtima ukatayika. Koma anthu ozolowera amasiyanitsa mpeni wochipa ndi mpeni wonyenga. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Mpeni wonyenga ndi uja wokongola kunja, wa zithunzi pa cigwiriro, koma wogwedera polumikizira. Mpeni wopinda umene loko wake ndi wofooka ungathe kutsekeka mwadzidzidzi pamene munthu akankha ndi mphamvu, ndipo cimene umapeza pa njira ndi zala zake. Pa nchito zolimba, mpeni wosapinda ndiwo wabwino, makamaka umene citsulo cake cimalowa m'cigwiriro kufikira kumapeto. Wogula ayenera kuugwedeza, kuuyang'ana ngati uli wowongoka, ndi kuona ngati misomali ya pa cigwiriro iri yeniyeni kapena yongojambula.

Yambiri mwa mipeni yonyezimirayi njopangidwa ndi citsulo cosacita dzimbiri. Citsulo cimeneci cinachuka kucokera m'caka ca 1913, pamene Harry Brearley wa mu mzinda wa Sheffield ku England anapeza kuti kusakaniza citsulo ndi mtundu wina wa citsulo wochedwa chromium kumaletsa dzimbiri. Ncabwino ku khicini, pamene mpeni umakhudza madzi, mcere ndi matimati tsiku liri lonse. Koma mipeni yochipitsitsa ya mtunduwu kawirikawiri imakhala yofewa, ndipo imabuntha msanga. Citsulo cakuda ca masiku akale cimacita dzimbiri cikasiyidwa conyowa, koma cimalola kunoledwa pa mwala uli wonse, ndipo kadontho ka mafuta nkokwanira kucisunga. Ndico cifukwa cake okalamba ambiri akali kukonda kampeni kakuda. Ukaipa dziwa nyimbo, ndipo kampeni kameneka nyimbo yake kamaidziwa.

Pali cinthu cimodzi cimene anyamata amalakwitsa. Amaganiza kuti popeza mpeni ndi wochipa, suyenera kunoledwa. Koma mpeni wobuntha ndiwo umavulaza anthu koposa wakuthwa, cifukwa umafuna mphamvu zambiri, ndipo ukaterereka umapita ndi mphamvu zonsezo ku dzanja kapena ku nchafu. Bambo wa ku Kanyama amauza adzukulu ake kuti poceka cinthu mpeni uziloza kutali ndi thupi, ndipo dzanja logwirizira likhale kumbuyo kwa mpeni, osati kutsogolo kwake.

Mpeni wa Cakudya

Cifukwa cina cokhalira ndi mipeni iwiri amacidziwa bwino ndi amai. Mpeni umene m'mawa unali kucotsa zinyalala zotseka ngalande suyenera madzulo kudula repu kapena kusenda mango a mwana. M'makomboni ambiri zimbudzi za maenje ziri pafupi ndi zitsime zosazama, ndipo m'nyengo ya mvula madzi a zonsezi amasakanizika. Matenda a kolera akhala akubwera mobwerezabwereza. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2017 unakantha kwambiri Kanyama, ndipo mu Januwale 2018 boma linaletsa malonda a m'misewu ya mu Lusaka. Mu Januwale 2024 odwala anacuruka kotero kuti bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala, ndipo kutsegulira kwa masukulu kunacedwetsedwa. Kolera amalowa kudzera pakamwa, m'madzi ndi m'cakudya codetsedwa. Manja, mbale ndi mipeni ndizo zina mwa njira zimene uve umafikira ku cakudya.

Mkazi wa bambo uja anaika lamulo pa nyumba pake kalekale. Mwamuna wake akabwera ku nchito, iye amati, "Atate ake a ana, kampeni kanuko kasalowe kuno. Kasiyeni m'cola." Mpeni wa ndiwo uli ndi malo ake pamwamba pa kabati, umatsukidwa ndi sopo, ndipo ngati wadula nkhuku kapena nsomba yaiwisi umatsukidwanso usanakhudze cinthu codyedwa cosaphika. Mwana amene autenga kukasemera galimoto ya mawaya amadziwa yekha cimene cimamuyembekeza.

Bala la mpeni wa nchito zakuda nalonso siliyenera kunyozedwa. Anthu ambiri amati dzimbiri ndilo limadwalitsa kafumbata, koma tizirombo ta matendawa timakhala m'dothi ndi mu ndowe za ziweto, ndipo mpeni wakuda umangotinyamula ndi kutilowetsa m'thupi. Bala lozama ndilo loopsa koposa. Liyenera kutsukidwa msanga ndi madzi oyera ndi sopo, ndipo wovulala apite ku kiliniki kuti a zaumoyo aone ngati afunika jekeseni. Kuthira dothi, phulusa kapena mafuta a galimoto pa bala ndiko kuitana matenda.

Mpeni ndi Lamulo

Ku mudzi mwamuna kuyenda ndi mpeni m'thumba si nkhani. Angaufune ku munda, ku dambo kapena pa njira, ndipo palibe amene amamfunsa. Mu mzinda zinthu siziri conco. Lamulo la milandu lochedwa Penal Code, limene ndi Mutu 87 wa malamulo a Zambia, limaletsa kukhala ndi cida coopsa popanda cifukwa comveka. Kalipentala amene ali ndi mpeni m'cola pamodzi ndi hamala, tepi ndi misomali, nthawi ya masana, ali ndi yankho apolisi akamfunsa. Mnyamata amene apezeka ndi mpeni m'sokosi pakati pa usiku pafupi ndi malo omwera mowa, yankho lake limakhala lovuta. Ngakhale dzina la Okapi linaipitsidwa m'matauni a ku South Africa cifukwa ca zigawenga zimene zinali kuugwiritsa nchito pa ndeu ndi pa umbava, cikhalireco mpeniwo unapangidwira nchito.

Anyamata ena amati amayenda ndi mpeni kuti adziteteze kwa akuba. Bambo wa ku Kanyama, amene waona maliro ambiri m'zaka 50 za m'komboni, sagwirizana nao. Tsiku lina mdzukulu wake anafuna kutenga kampeni popita kukaonera mpira madzulo, nati, "Ambuye, njira ya ku mseu ija yaipa masiku ano." Mkuluyo anayankha kuti, "Mdzukulu wanga, ngati njira yaipa, uyende ndi anzako kapena ubwere dzuwa likalipo. Mpeni ukakhala m'thumba, mkangano wa mau umasanduka mlandu wa magazi. Ndipo amene amapita ku ndende kapena ku manda ndi mwini mpeni yemwe." Lamulo lake nlacidule: kampeni kamapita kumene nchito ipita, ndipo nchito ikatha kamabwerera m'cola. Ku mowa, ku mpira, ku msonkhano wa ndale ndi ku nyumba ya munthu amene uli naye cifukwa, sikapita.

Apa mpamene kuchipa kwake kumathandizanso. Pa zipata za makhoti, mabwalo a masewera ndi maofesi ena alonda amafufuza m'zola, ndipo cinthu cakuthwa sacilola kulowa. Munthu amene waiwala kampeni ka sowo m'cola amangokasiya pa cipata popanda kukangana. Koma amene wanyamula mpeni wa atate ake amayamba kulimbana ndi mlonda, ndipo nkhani yaing'ono imakula.

Nzeru ya mipeni iwiri ifunikanso ku midzi, pakuti nchito za kumeneko nazo zasintha. M'masiku a Namboard cimanga cinali kulongedwa m'masaka a makilogalamu 90 osokedwa ndi cingwe, ndipo mlimi wosamala anali kumasula msoko kuti saka ligwirenso nchito. Lero pa khomo la mlimi pali matumba a pulasitiki a feteleza, mapaketi a mbeu zopakidwa mankhwala, ndi mabotolo a mankhwala a thonje, a fodya ndi ophera udzu. Mpeni umene watsegula zimenezi suyenera kusenda mbatata. Mankhwala ena amalowa m'thupi ngakhale ali ocepa kwambiri, ndipo kupukuta mpeni pa udzu sikuwacotsa. Kampeni kapadera, kokhala m'nkhokwe ya zipangizo kutali ndi ana, nkochipa kupambana ulendo wa ngolo wopita ku cipatala usiku.

Makolo a ku Chipata, Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi akali kutumiza ana ao ku Lusaka caka ndi caka, ndipo ambiri a anawo amayambira moyo wa m'tauni m'makomboni omwewa. Mtima wa kholo umafuna kupatsa mwana cinthu cabwino koposa cimene ciri m'nyumba. Koma mpeni wa makolo ndi bwino utsale ku mudzi, kufikira mwanayo atapeza khomo lakelake ndi malo ousungira. Pa ulendo woyamba amuuze kuti akafika akagule kampeni kochipa, kolimba cigwiriro, kapena akapemphe mmisiri kuti ampangire ka sowo. Akakanole, akakasokere cimake, akakasunge pamodzi ndi zipangizo zake, ndipo mnansi akadzagogoda kudzabwereka, adzampatse ndi nkhope yosangalala, osafunsa kuti akadula ciani.